Kubaya mtsempha, kubaya chala kapena kukoka pa kanyula: kuyerekeza njira zotengera magazi okayeza ku labotale

Munthu akagonekedwa m'wodi, kawirikawiri amakhala ndi kanyula, kapaipi kakang'ono kolowetsera diripi ndi mankhwala mumtsempha, pamkono tsiku loyamba lisanathe, ndipo pakabwera fomu yofuna magazi okayeza, iye mwini kapena womudikirira amafunsa chifukwa chimene akumubayiranso pamene polowera mumtsempha palipo kale. Funsoli ndi lomveka, ndipo si odwala okha amene amakhala nalo, pakuti namwino amene watsala yekha usiku m'wodi yodzaza amaganizanso chimodzimodzi akaona mkono wotupa umene mitsempha yake yabisala. Vuto ndi lakuti makina a ku labotale amayeza zimene zili m'chubu, osati zimene zili m'thupi la wodwala. Magazi akasakanikirana ndi madzi a diripi, kapena maselo ake akasweka potengedwa, zotsatira zimatulukabe zosindikizidwa bwino lomwe, papepala lofanana ndendende ndi la zotsatira zoona, ndipo dokotala amapereka mankhwala potsata manambala amenewo. Choncho njira iliyonse yotengera magazi iyenera kuweruzidwa poyamba ndi kukhulupirika kwa zotsatira zake, kenako ndi ululu ndi chiopsezo chimene imabweretsa kwa wodwala ndi kwa wotenga magaziyo.

Kubaya mtsempha wa pamkono

Njira imene zina zonse zimayerekezedwa nayo ndiyo kubaya mtsempha ndi singano yatsopano, kutenga magazi, n'kuchotsa singanoyo nthawi yomweyo. Malangizo a katengedwe ka magazi amene bungwe la WHO linatulutsa mu 2010 amaika patsogolo mitsempha ya popindikira mkono, kutsogolo kwa chigongono. Pamalopa pali mitsempha itatu yodziwika. Wapakati ndiwo woyamba kusankhidwa chifukwa uli pafupi ndi khungu ndipo suthawathawa singano. Wotsatira ndi umene uli mbali ya chala chachikulu. Ndipo umene uli mbali ya chala chaching'ono, ngakhale umaoneka bwino mwa anthu ambiri, uyenera kukhala wotsiriza chifukwa pafupi pake pamadutsa mtsempha wogunda wochokera kumtima komanso minyewa imene imapatsa dzanja mphamvu ndi kumva. Wodwala akanena kuti wamva ululu wothamangira ku zala ngati magetsi, singano ichotsedwe pomwepo, osati kuisuntha uku ndi uko kufunafuna magazi.

Zinthu zing'onozing'ono zimene zimachitika singano isanalowe ndizo zimawononga zotsatira zambiri. Lamba womanga mkono, amene m'zipatala zathu zambiri amakhala golovesi chabe, asakhalitse kupitirira mphindi imodzi, chifukwa magazi akaima nthawi yaitali madzi ake amayamba kutuluka m'mitsempha, ndipo mapuloteni, kashiamu ndi maselo ofiira zimaoneka zochuluka kuposa mmene zilili. Chizolowezi chouza wodwala kuti afumbate ndi kufumbatula dzanja mobwerezabwereza chimakweza potaziyamu, mchere wina wa m'magazi, popeza minofu ikamagwira ntchito imamutulutsira m'magazi. Kufumbata kamodzi n'kokwanira. Khungu lipukutidwe ndi sipiriti wa 70 peresenti ndipo lisiyidwe liume kwa masekondi 30, osauzira ndi pakamwa kapena kugwirapo ndi chala, kenako singano ilowe mopendekeka osapitirira madigiri 30.

Pali zida zitatu zobayira mtsempha, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu kuposa mmene kumaonekera. Sirinji ndi singano ndizo zimapezeka paliponse, ndipo ubwino wake weniweni ndi wakuti wotenga magazi ndiye amalamulira mphamvu yokokera, zimene zimathandiza pa mitsempha yaing'ono ya okalamba ndi ya anthu amene madzi awathera m'thupi. Mavuto ake amayamba singano ikachoka pamkono. Magazi ayenera kusamutsidwira m'machubu, ndipo amene amagwira chubu kudzanja limodzi n'kuchibaya ndi dzanja linalo ali pangozi yodzibaya yekha. Mwa anthu 1,000 amene abayidwa ndi singano yokhala ndi magazi a munthu wa HIV, pafupifupi atatu amatenga kachilomboko, pamene matenda a chiwindi a mtundu wa B amatha kupatsira mpaka anthu 30 mwa 100 alionse osalandira katemera. N'chifukwa chake wodzibaya amayenera kuyamba mankhwala oteteza ku HIV a PEP mwamsanga, maola 72 asanathe. Chubu chiimikidwe pa choikira chake, ndipo chikabayidwa chisiyidwe chikoke chokha magazi, chifukwa kukankha sirinji ndi mphamvu kumaswa maselo ofiira. Kuchedwa kusamutsa nako kumayambitsa timibulu ta magazi oundana timene diso silingaone, koma timachititsa kuti maselo othandiza magazi kuundana awerengedwe ochepa.

Machubu okoka okha, amene ambiri amangowatchula kuti Vacutainer potsata dzina la malonda, anapangidwa ndi Joseph Kleiner mu 1947 ndipo kampani ya Becton Dickinson inayamba kuwagulitsa mu 1949. Mpweya unachotsedwamo pamlingo woti chubu chilichonse chikoke magazi okwanira mankhwala amene ali mkati mwake, ndipo magazi amachoka mumtsempha kulowa m'chubu osadutsa panja. Kwa munthu wamkulu wa mitsempha yabwino, makamaka pakafunika machubu angapo, sindikuona njira yoposa imeneyi. Imalephera pa mitsempha yofooka, imene imaphwa chubu chikangoyamba kukoka, ndiponso machubu akapitirira tsiku lake mphamvu yokokera imachepa ndipo sadzaza. Kusadzaza kumeneku si nkhani yaing'ono pa chubu cha chivindikiro cha buluu choyezera kuundana kwa magazi, chifukwa chimafuna magawo 9 a magazi pa gawo limodzi la mankhwala oletsa magazi kuundana a citrate, ndipo chikaperewera magazi amaoneka ngati akuchedwa kuundana pamene ali bwinobwino.

Singano ya mapiko, yotchedwa butterfly, ili pakati pa ziwirizi. Ndi yaifupi, imagwirika bwino, ndipo ndiyo yoyenera kumsana kwa dzanja, kwa ana ndi kwa odwala khansa amene mitsempha yawo yatopa ndi mankhwala. Saizi zake zodziwika ndi 21G ndi 23G, ndipo nambala ikamakula singano imachepa, moti yochepa kuposa 23G imaswa maselo mosavuta. Mtengo wake ndi wokwera, choncho si yogwiritsa ntchito pa aliyense. Ili ndi msampha umodzi umene ambiri amaiwala: kapaipi kake kamakhala ndi mpweya, ndipo chubu choyamba chimakoka mpweyawo m'malo mwa magazi, kotero ngati choyambacho ndi cha buluu, payambe padutsa chubu china chongotaya.

Chida chilichonse chimene chasankhidwa, machubu ali ndi ndondomeko yodzazira. Amayamba ndi mabotolo omeretsera tizilombo, oyezera ngati m'magazi muli mabakiteriya, kenako chubu cha buluu, chofiira kapena chachikasu, chobiriwira, cha pepo, ndipo chotuwa choyezera shuga chimakhala chomaliza. Chifukwa chake chimaoneka bwino pa chubu cha pepo. Mankhwala ake a EDTA ali ndi potaziyamu ndipo amamanga kashiamu, choncho kadontho kake kakalowa m'chubu choyezera michere ya m'magazi, potaziyamu amakwera modabwitsa ndipo kashiamu amatsika mpaka kufika pamlingo umene munthu wamoyo sangakhale nawo. Amene amatsanulira magazi otsala a m'chubu cha pepo m'chubu chofiira pofuna kupewa kubayanso wodwala amachita zimenezi ndi mtima wabwino, koma magaziwo sangathandizenso aliyense.

Kubaya chala ndi chidendene

Ku Malawi magazi ambiri oyezedwa tsiku lililonse sachokera mumtsempha konse. Kuyeza malungo ndi kachida kofulumira kumafuna mamaikulolita 5 okha, ndipo alangizi a zaumoyo amakuchita m'makiliniki a m'midzi; kuyeza HIV, shuga, ndi kuchuluka kwa magazi pa makina a HemoCue zonse zimayambira pa chala. Njirayi ndi yotsika mtengo, imaphunzitsika msanga, ndipo siwononga mitsempha. Pabayidwe m'mbali mwa nsonga ya chala chapakati kapena chovala mphete, ndipo pa mayeso ambiri dontho loyamba limapukutidwa chifukwa limakhala losakanikirana ndi madzi a m'minofu. Kufinya chala ngati ukukama ng'ombe kumaonjezera madzi omwewo, ndipo mwana amene magazi ake ndi ochepa kale amaoneka ngati achepa kwambiri. Malire a njirayi ndi odziwikiratu: magazi ake ndi ochepa, sangayezere kuundana kwa magazi kapena kumeretsa tizilombo, ndipo kwa wodwala amene manja azizira chifukwa magazi sakuyenda bwino, shuga woyezedwa pa chala sakhulupirika, choncho ayezedwenso ndi magazi a mumtsempha.

Kwa makanda pamabayidwa chidendene, m'mbali mwake osati pakati, ndipo kasingano kasalowe kupitirira mamilimita awiri, chifukwa fupa lili pafupi ndipo likakhudzidwa lingathe kulowa matenda. Madontho amenewa ndiwo amaumitsidwa pa kapepala kapadera ka DBS, njira imene Robert Guthrie anaiyambitsa ku America m'zaka za m'ma 1960 poyeza makanda matenda obadwa nawo, ndipo kuno yathandiza kwambiri poyeza HIV ana obadwa kwa amayi amene ali ndi kachilomboko akakwanitsa masabata 6, komanso poyeza kuchuluka kwa kachilombo mwa anthu omwa ma ARV. Kapepalako kali ndi timizere tozungulira tisanu, kamaumitsidwa pamthunzi kwa maola angapo, kenako kamatsekeredwa m'kathumba kokhala ndi zoyamwa chinyezi, ndipo kamatha kuyenda pa njinga zamoto za Riders for Health kuchokera kuchipatala chakumudzi kukafika ku labotale yaikulu popanda firiji. Poyerekeza ndi pulazima, amene ndi madzi a magazi olekanitsidwa ndi maselo, DBS imaperewera kachilombo kakakhala kochepa kwambiri, ndipo nthawi zina imawerengera pamodzi kachilombo kobisala m'maselo. Pulazima ndiye wolondola kwambiri, koma amafuna makina opukusira magazi, magetsi ndi firiji, choncho kumene zimenezi kulibe, DBS yotengedwa bwino imaposa pulazima amene wakhala tsiku lonse m'chikwama chotentha.

Kanyula ya pamkono

Pa kanyula pali nkhani ziwiri zimene zimasokonezedwa. Yoyamba ndi kutenga magazi pa nthawi yeniyeni yoika kanyula, isanadutse madzi kapena mankhwala alionse. Izi zimachitika tsiku ndi tsiku kumalo olandirira odwala mwadzidzidzi ndi m'mawodi a ana, ndipo n'zomveka, chifukwa mwana wa malungo aakulu amene mtsempha wake wapezeka movutikira sayenera kubayidwa kawiri popanda chifukwa. Vuto lake ndi lakuti maselo ofiira amasweka kawirikawiri kuposa pobaya ndi singano, makamaka kanyula ikakhala yaing'ono monga ya buluu ya 22G kapena yachikasu ya 24G, ikaikidwa kumsana kwa dzanja, kapena ikalumikizidwa ndi chubu chokoka chokha. Potaziyamu wa mkati mwa maselo ofiira ndi wochuluka kuwirikiza nthawi zoposa 20 poyerekeza ndi wa m'madzi a magazi, choncho maselo ochepa okha akasweka nambala imasintha. Kukoka pang'onopang'ono ndi sirinji yaing'ono kumachepetsa vutoli. Ngati chofunika ndi kudziwa kuchuluka kwa magazi, malungo, shuga kapena gulu la magazi, njirayi ndi yovomerezeka. Ngati funso lalikulu ndi potaziyamu wa munthu wodwala impso, ndibwino kubaya padera.

Nkhani yachiwiri ndi kukoka magazi pa kanyula imene yakhala ikuyendetsa diripi, ndipo apa mpamene pali ngozi yaikulu. Madzi a dextrose wa 5 peresenti ali ndi shuga wokwana mamilimolo pafupifupi 278 pa lita, pamene magazi a munthu wabwinobwino amakhala ndi pafupifupi 5. Ngati gawo limodzi lokha mwa magawo 20 a zimene zili m'chubu ndi madzi a diripi amenewa, shuga amawerengedwa woposa 18, ndipo munthu amene alibe matenda a shuga angathe kubayidwa insulin. Madzi a mchere a normal saline amasungunula magazi, ndipo potaziyamu, kashiamu ndi kuchuluka kwa magazi zonse zimaoneka zotsika. Malangizo a WHO amati mwana aikidwe magazi hemoglobini, imene imasonyeza kuchuluka kwa magazi, ikatsika n'kufika pansi pa magalamu 4 pa desilita, kapena ikakhala pakati pa 4 ndi 6 pamene akubanika, ndipo kusungunuka pang'ono chabe kungamuwolotse malire amenewa, n'kulandira magazi amene sanawafune pamene mwana wina pabedi loyandikana nalo akuwadikira.

Mabuku amalola kukoka pa kanyula yotere pokhapokha diripi itaimitsidwa kwa mphindi zosachepera ziwiri, magazi oyamba atatayidwa, ndipo kanyulayo itatsukidwa ndi saline pambuyo pake. Ngakhale zonsezi zitatsatidwa, kanyula yaing'ono imene yakhala masiku awiri kawirikawiri sibweza magazi, ndipo kuikakamiza kungaitseke, wodwala n'kutaya njira yolandirira mankhwala a malungo a artesunate kapena mankhwala ena ofunika pa ola lake. Maganizo anga ndi akuti kanyula imene ikuyendetsa diripi isiyidwe igwire ntchito yake yolowetsa, ndipo magazi atengedwe pamkono winawo. Ngati mikono yonse iwiri ili ndi diripi, pabayidwe kumunsi kwa kanyula, chakuzala, diripiyo itaimitsidwa kaye, osati kumtunda kumene madziwo akulowera.

Mapaipi ofika ku mitsempha ikuluikulu

Central line ndi kapaipi kamene kamalowera pakhosi, pansi pa fupa la pachifuwa chakumtunda kapena m'mphechepeche, ndipo nsonga yake imakathera mumtsempha waukulu wobweza magazi kumtima. Kaikidwe kake kofala, kotsogoza kawaya m'singano kenako n'kulowetsa paipi motsata kawayako, kanafotokozedwa ndi dokotala wa ku Sweden, Sven-Ivar Seldinger, mu 1953. Pali mitundu ina yokhalitsa: PICC, imene imalowera pamkono koma ndi yaitali mpaka pafupi ndi mtima, mapaipi odutsa pansi pa khungu a Broviac a mu 1973 ndi a Hickman a mu 1979, ndi port, kabokosi kokwiriridwa pansi pa khungu la pachifuwa, kamene kamabayidwa ndi singano yapadera ya Huber chifukwa singano wamba imabowola labala wake mosabwezeka. Kuno zipangizozi zimaoneka makamaka m'zipinda za odwala mwakayakaya za zipatala zikuluzikulu, komanso mwa odwala khansa amene abwerera nazo kuchokera ku South Africa kapena ku India, ndipo namwino wa chipatala cha boma laling'ono angathe kukumana ndi port asanaionepo kusukulu.

Mosiyana ndi kanyula, mapaipiwa amabweza magazi mosavuta, popanda ululu, ndipo kwa munthu amene amayezedwa kangapo patsiku kapena amene mitsempha yake ya pamkono inatha, ndi chithandizo chenicheni. Koma nthawi iliyonse imene paipi yatsegulidwa, tizilombo timapeza njira yolunjika kumtima, ndipo magazi otsalira mkati amaundana n'kuitseka kapena kukhala chakudya cha tizilomboto. Choncho katengedwe kake kali ndi mwambo wosadumphika. Madiripi onse amaimitsidwa, polumikizira pamakhulidwa ndi mankhwala ophera tizilombo kwa masekondi 15 n'kusiyidwa paume, magazi oyamba amatayidwa, kenako amatengedwa okayeza, ndipo paipi imatsukidwa ndi saline wokwana mamililita 10 mpaka 20 mwa munthu wamkulu, mokankha ndi kuima, mokankha ndi kuima, pogwiritsa ntchito sirinji ya mamililita 10, chifukwa sirinji yaing'ono imakankha ndi mphamvu yokhoza kuphulitsa paipi yotsekeka. Posintha masirinji paipi imakhala yopanidwa kuti mpweya usalowe. Magazi otaya amayenera kuwirikiza kawiri mlingo wa madzi amene paipiyo imasunga, koma poyeza kuundana kwa magazi amawirikiza kasanu ndi kamodzi kapena amafika mamililita 5.

Kutaya kumeneku kumadzetsa vuto lina. Kafukufuku wamkulu wa m'zipinda za odwala mwakayakaya za kumadzulo kwa Ulaya, wofalitsidwa mu 2002, anapeza kuti wodwala mmodzi ankatengedwa magazi okwana mamililita pafupifupi 41 patsiku, ndipo pa sabata ziwiri amenewa ndi ochuluka kuposa amene munthu amapereka kamodzi kosungira magazi. Ndipo pali mayeso amene ngakhale mutataya motani zotsatira zake zimakayikitsabe. Paipi imene inasungidwa ndi heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, imachititsa magazi kuoneka ochedwa kuundana. Mankhwala ochepetsa chitetezo cha m'thupi monga ciclosporin ndi tacrolimus amamatirira m'kati mwa pulasitiki, choncho mlingo wake ukayezedwa pa paipi imene anadutsamo umatuluka wokwera, ndipo dokotala angachepetse mankhwala amene anali okwanira. Mlingo wa mankhwala opha mabakiteriya a vancomycin kapena gentamicin nawonso usatengedwe pa njira imene mankhwalawo analowera. Paipi yodyetsera wodwala kudzera mumtsempha ili ndi shuga ndi potaziyamu wambiri, ndipo ndibwino isatsegulidwe konse chifukwa cha magazi okayeza. Pa mayeso amenewa singano yatsopano pamkono ndiyo yodalirika, ngakhale wodwala ali ndi paipi yabwino pakhosi.

Magazi omeretsera tizilombo

Poyeza ngati m'magazi muli mabakiteriya, kusiyana kwa njira kumaoneka poyera kwambiri. Botolo la munthu wamkulu limafuna mamililita 8 mpaka 10, chifukwa tizilombo timakhala tochepa m'magazi ndipo magazi akachepa timaphonyedwa. Mdani wamkulu ndi mabakiteriya a pakhungu, amene akalowa m'botolo amamera ngati matenda enieni, ndipo muyezo umene ma labotale akhala akutsata kwa nthawi yaitali ndi wakuti mabotolo oipitsidwa chotere asafike atatu mwa 100 alionse. Magazi okokedwa pa kanyula yakale kapena pa central line amaipitsidwa kawirikawiri kuposa obaya pakhungu lotsukidwa bwino, ndipo zotsatira zake ndi masiku ambiri a mankhwala amphamvu kwa munthu amene sanawafune. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kuyeza kotere kwakhala kukuchitika mosalekeza kuyambira mu 1998 mothandizidwa ndi bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome, ndipo ndiko kunaonetsa kukula kwa vuto la Salmonella wa m'magazi komanso kuchuluka kwa taifodi yosamva mankhwala kuyambira cha mu 2011. Mabotolo ake ndi odula, ndipo lililonse loipitsidwa ndi lotayika.

Nthawi imodzi yokha imene paipi imakhala malo oyenera ndi pamene paipiyo ikuganiziridwa kuti ndiyo gwero la matenda. Pamenepo amatenga magazi ofanana kuchuluka, ena pa paipi ndi ena pamkono, nthawi imodzi, ndipo botolo la pa paipi likamera tizilombo tomwetomweto maola awiri kapena kuposerapo lisanamere la pamkono, paipiyo ndiyo yolakwa.

Njira zina za nthawi yapadera

Mtsempha wogunda wa polumikizira dzanja ndi mkono umabayidwa pofuna kuyeza mpweya ndi asidi wa m'magazi. Kubaya kwake n'kowawa, pamafunika kupanikiza pabala kwa mphindi 5 kapena kuposerapo, ndipo si njira yothawirako chifukwa chongosowa mtsempha wamba. Singano yolowera m'fupa la msongolo, imene imapulumutsa mwana amene mitsempha yake yaphwa chifukwa cha kutsegula m'mimba, ingapereke magazi oyezera shuga, gulu la magazi ndi tizilombo, koma osati potaziyamu kapena kuwerengera maselo oyera, ndipo a ku labotale auzidwe, chifukwa mafuta a m'fupa amatseka makina. Kwa khanda la masiku oyambirira, kapaipi ka pamchombo kamagwira ntchito ngati central line ndipo kamafuna ukhondo womwewo.

Odwala impso ndi nkhani yapadera imene ndingaikirepo mtima. Amene amasefedwa magazi pa makina ku Kamuzu Central kapena ku Queen Elizabeth amakhala ndi paipi yawoyawo kapena fistula, malo amene madokotala analumikiza mtsempha wogunda ndi wamba pamkono, ndipo zimenezi ndi moyo wawo. Paipiyo imasungidwa ndi heparin wamphamvu ndipo amaitsegula ndi anamwino a kumakinako okha, ndipo mkono wa fistula sumangidwa lamba, suikidwa kanyula ndipo subayidwa. Ngakhale amene sanayambe kusefedwa, koma impso zawo zikufooka, ndibwino kuwatenga magazi kumsana kwa dzanja n'kupewa PICC, pofuna kusunga mitsempha imene idzafunike popanga fistula. Mofananamo, mkono wa mbali imene mayi anachotsedwa bere pamodzi ndi mwanabere wa m'khwapa umapewedwa ngati pali wina.

Kuchuluka kwa magazi otengedwa kuyeneranso kufotokozedwa pakamwa, chifukwa mantha ake ndi enieni, ndipo amene akukumbukira mphekesera za anamapopa zimene zinagwedeza Mulanje ndi Phalombe mu 2017 amadziwa kuti machubu anayi otengedwa mwakachetechete angamasuliridwe moipa. Munthu wamkulu ali ndi malita pafupifupi 5 a magazi, wopereka magazi ku Malawi Blood Transfusion Service amachotsedwa mamililita 450 n'kubwerera kunyumba akuyenda yekha, ndipo chubu cha mamililita 4 sichidzaza n'komwe kasupuni ka tiyi. Koma khanda la makilogalamu atatu lili ndi magazi okwana mamililita pafupifupi 250 okha, ndipo kwa ilo magazi otaya pa paipi kangapo patsiku amawerengeka ndithu, choncho timachubu ting'onoting'ono ndi kubaya chidendene zimaposa njira iliyonse yofuna kutaya.

Potaziyamu akatuluka wokwera kwambiri, monga 7, mwa munthu amene akucheza bwinobwino, akukodza mokwanira ndipo mtima wake ukugunda mwadongosolo, wa ku labotale amayamba wayang'ana ngati madzi a magaziwo afiira, chizindikiro cha maselo osweka, kenako amafuna kudziwa pamene anatengedwa, ola limene anatengedwa, ndiponso ngati anagona m'firiji asanapukusidwe, pakuti kuzizira nako kumatulutsa potaziyamu m'maselo. Mayankho a mafunsowa amapezeka pokhapokha wotenga magazi atalemba dzina pa chubu ali pambali pa bedi, osati atabwerera pa tebulo ndi machubu a anthu asanu m'mbale imodzi, ndiponso atalemba pafomu nthawi, mkono umene anabaya, kapena kuti magaziwo anakokedwa pa kanyula kapena pa central line imene inkayendetsa madzi akutiakuti. Magazi obwereza atengedwe ndi singano yatsopano pamkono wopanda diripi, popanda kufumbatafumbata, n'kupita nawo ku labotale nthawi yomweyo, koma ngati wodwalayo ndi wa impso kapena mtima wake wayamba kusokonezeka, chithandizo chiyambe pamene magazi achiwiriwo ali m'njira.